Kukonza ulendo wa pa njinga wokaona zotsalira za nkhondo kumidzi ya ku England, Flanders ndi Somme

Chipalasa
Moni nonse. Funso lomwe likubwerabwera m'gulu muno ndi ili: munthu akafuna kutha tsiku lathunthu pa njinga kumidzi ya ku England, ku Flanders (Belgium) kapena ku Somme (France), akuona zotsalira za nkhondo ziwiri zikuluzikulu za padziko lonse zija, aukonze bwanji ulendowo? Ndiyambe ndi masamu chifukwa ambiri amagwa pamenepa. Pa timisewu ta kumudzi, muli ndi kachikwama pa keliyala, mumayenda makilomita 15 pa ola. Malo aliwonse oimapo amadya mphindi 20, manda aakulu kapena nyumba yosungiramo zakale amadya ola lathunthu. Makilomita 40 ndiye maola pafupifupi 3 opalasa, malo 8 ndi maola ena 3 kapena kupitirira, kenako ikanipo ola lopuma ndi theka la ola la kusochera kapena kumata chubu. Dzuwa lapendeka. Amene amalemba makilomita 80 ndi malo 15 amabwerako ataona tayala lakumbuyo la mnzake basi. Odziwa mapu, konkire ndi sipanala, onjezerani.

MayiMapu
Masamuwo ndi oona a Chipalasa, koma musanawerenge makilomita yambani mwafunsa kuti chinthucho anachiikiranji pamenepo. Pillbox, kanyumba ka konkire kobisalamo owombera kaja, sikankamangidwa pakokha. Kankakhala pamzere wotsata mtsinje, ngalande ya maboti kapena njanji. Mukaupeza mzerewo, njira ya njinga yadzilemba yokha.

Tengani mapu atatu a dera limodzi. Oyamba ndi a lero. Ku England ndi a Ordnance Survey: a Explorer ndi 1:25,000, masentimita 4 pa pepala ndi kilomita imodzi pansi, ndipo amaonetsa mipanda ya minda. A Landranger ndi 1:50,000, abwino kuonera ulendo wonse koma mipanda mulibe, tsono chinthu chobisika mumpanda muchivutikira. Ku France tengani a IGN a 1:25,000. Achiwiri ndi akale. National Library of Scotland inaika mapu akale ambirimbiri pa intaneti, kuphatikizapo a ngalande za asilikali a nkhondo yoyamba, ndipo mutha kuwaika moyandikana ndi chithunzi cha malowo lero. Achitatu ndi a LiDAR, omwe amavula mitengo n'kusiya nthaka yokha. Ngalande yotchingira akasinja yomwe inakwiriridwa kalekale imaonekabe pamenepo ngati kamzere.

Zinthu ziwiri zimasokoneza oyamba kumene. Mapu a anthu wamba a nthawi ya nkhondo yachiwiri amaonetsa minda pamene panali bwalo la ndege, chifukwa mabwalowo ankawabisa dala. Ndipo pa mapu a asilikali a Britain, ngalande za Ajeremani zinkalembedwa mofiira, zawo mwa buluu, koma mu 1918 mitunduyi anaitembenuza. Yang'anani deti la mapu musananene kuti ngalandeyi inali ya ndani.

Tcheni11
Mayi, mapu a pepala masiku ano? GPX, fayilo yolozera njira pa foni, siyokwana?

MayiMapu
Yokwana kukulozerani pokhota, achimwene, koma siyikuuzani chomwe chili kuseri kwa mpanda. Komanso foni yoyatsa sikirini tsiku lonse, mukujambuliranso zithunzi, imafa masana asanapendeke, makamaka kukazizira. Koperani mapu m'foni musananyamuke popeza m'zigwa netiweki imathawa, tengani batire yapadera ya 10,000 mAh, koma pepala likhale m'thumba la pulasitiki pa handulo. Polemba malo gwiritsani nambala 8 za giridi, osati 6. Nambala 6 zimakupatsani bwalo la mamita 100 mbali zonse, 8 zimakupatsani mamita 10. Mamita 100 a minga mu Julayi si masewera.

GogoKonkire
Ndiikepo za makonkire a ku England. Asilikali a Britain atachotsedwa ku Dunkirk ku France kumayambiriro kwa Juni 1940, General Edmund Ironside analamula kuti pamangidwe mizere yoimitsira mdani akaloŵa m'dziko, waukulu kwambiri n'kukhala GHQ Line. Anamanga ma pillbox pafupifupi 28,000, ndipo otsala lero ndi cha m'ma 6,500. Mu Julayi chaka chomwecho Ironside anasinthidwa ndi Alan Brooke, yemwe sankakhulupirira zokhala phee m'makonkire kutali ndi gombe. N'chifukwa chake mizere ina mudzaiona yongothera panjira. Musaganize kuti mwasochera, ntchitoyo inaimitsidwa.

Mapulani ake ankachokera ku nthambi ya unduna wa zankhondo yotchedwa FW3, ndipo mitundu itatu ndiyo mudzakumane nayo kawirikawiri. Type 22 ili ndi makoma 6 ofanana, khomo kukhoma limodzi, mazenera owomberapo kumakoma enawo. Type 24 ilinso ndi makoma 6 koma lakumbuyo ndi lalitali, khomo pakati, kazenera uku ndi uku. Type 28 ndi yaikulu, ngati bokosi, yokhala ndi zenera limodzi lalikulu lam'munsi ndi khomo lotakata kumbuyo lolowetsera mzinga wa 2-pounder wophulitsira akasinja. Khoma la masentimita 30 linali loletsa zipolopolo zokha, la mainchesi 42, lomwe ndi mita imodzi ndi kakusefukira, linali loletsa mabomba a mizinga. Mukasuzumira mkati mudzaona kakhoma kooneka ngati Y pakati. Kameneko n'koletsa chipolopolo cholowa pazenera kuti chisadumphedumphe m'chipindamo.

Tsono chofunika ndi ichi. Khomo limaloza kwa eni ake, mazenera amaloza kumene ankayembekezera mdani. Imani kumbuyo kwake, yang'anani kumene zenera lalikulu likuloza, mudzapeza mlatho, pokhota pa msewu kapena podutsira njanji. Pitani pamenepo muyang'ane pansi: timabowo ta makona anayi mumsewu, momwe ankazikamo zidutswa za njanji, kapena mabuloko a konkire m'mbali. Mukaona kachipilala kozungulira, kofika m'chiuno, kokhala ndi kachitsulo konyezimira pamwamba kosachita dzimbiri, pamenepo pankakhala mzinga wa Blacker Bombard wa asilikali odzipereka oteteza kwawo, a Home Guard. Njerwa zomwe mumaona kunja kwa ma pillbox ambiri si zokongoletsera, zinali chikombole chothiramo konkire chifukwa matabwa ankasowa.

Kamtunda
Agogo, mizere iti yomwe njinga imatsata bwino osavutika ndi zipata?

GogoKonkire
Iwiri ndiyo yosavuta. Ngalande ya Kennet and Avon, pakati pa Reading ndi Bradford-on-Avon, inali gawo la GHQ Line, ndipo ma pillbox ake ambiri ali kutsidya la kumpoto akuyang'ana kummwera. Njira ya njinga ya Route 4 ya National Cycle Network imatsata ngalandeyo m'magawo ena, koma kum'mawa kwa Devizes imapatuka n'kulowa m'timisewu ta m'midzi kwa mtunda wautali. Kumeneko muziyendera milatho umodziumodzi, kutsika ku ngalande n'kubwereranso, chifukwa kanjira ka m'mphepete kamakhala ka udzu ndi mizu. Wachiwiri ndi Taunton Stop Line, makilomita pafupifupi 80 kuchokera ku gombe la Somerset kufika ku Seaton ku Devon, kutsata mtsinje wa Parrett, ngalande ya Bridgwater and Taunton, njanji ndi mtsinje wa Axe. Umenewu umayang'ana kumadzulo, popeza mantha anali akuti mdani atsikira ku Devon kapena ku Cornwall n'kumabwera chakum'mawa. Munthu wosadziwa amaona ngati amisiri anatembenuza pulani. Route 33 imadutsa mbali zina za mzerewu.

Namzeze
Tisanapitirire, lamulo la njira ku England ndi Wales, chifukwa alimi akumeneko salekerera. Muvi wachikasu ndi footpath, ya oyenda pansi okha, njinga ilibe ufulu. Muvi wa buluu ndi bridleway, njinga inaloledwa kuyambira ndi lamulo la 1968, bola muzipatukira oyenda pansi ndi okwera akavalo. Wofiirira ndi restricted byway, wofiira ndi byway yomwe ngakhale galimoto zimadutsa, ndipo imeneyi nthawi ya mvula imakhala ndi mikwasa yoti giya yakumbuyo imakhudza matope. Ma pillbox ambiri ali m'minda ya eni ake. Kukhala pa mapu sikutanthauza kuti mwaloledwa kufikapo. Onerani pa chipata, kapena pemphani. Safunsa anadya phula.

Za kulowa mkati, ine ndimati ayi, pokhapokha pamene pakonzedwera alendo. Pansi pamakhala magalasi osweka, madzi, nthawi zina dzenje. Ena anawasandutsa mogona mileme, mazenera atatsekedwa kusiya kampata kakang'ono, chitseko chachitsulo. Mileme ndi yotetezedwa ndi lamulo la 1981, ndipo kuidzutsa m'nyengo yozizira n'kuipha chifukwa imatha mafuta a m'thupi omwe imadalira mpaka kutenthe. Tochi muunikire muli panja, ndipo m'chisanu musaunikire n'komwe mwa zotsekedwazo.

Sipoko36
Tsopano njinga yeniyeniyo. Ulendo uwu ndi wa phula losweka, miyala, konkire yakale ndi kaudzu pang'ono, ndiye tayala la mamilimita 35 mpaka 40 ndilo lake. La 25 limatsina chubu pa mpata uliwonse wa pakati pa masilabu a konkire, n'kusiya timabowo tiwiri ngati kuluma kwa njoka. Munthu wa makilogalamu 75 pa tayala la 38, ikani cha m'ma 3 bar kumbuyo, kutsogolo kucheperako pang'ono. Pa miyala tsitsani theka la bar. Kupopa mpaka gwa sikuthamangitsa njinga panjira yokumbika, kumangoidumphitsa n'kukutopetsani manja.

M'chikwama: machubu 2, zigamba ndi guluu wosatsegulapo kale popeza wotsegula amauma, zotsegulira tayala 2, pampu yoyesedwa kunyumba, ma allen key, chodulira tcheni ndi quick link yofanana ndi magiya anu. Ya magiya 9 siilowa pa tcheni ya 11. Tenganinso kachidutswa ka tayala lakale kotchingira mkati ngati tayala lang'ambika m'mbali, ndi hanger yapadera, kachitsulo komwe kamagwira derailleur, chosinthira magiya chakumbuyo chija. Hanger imeneyi imapindika mukagoneka njinga pa udzu mbali ya tcheni, zomwe anthu amachita kakhumi pa tsiku paulendo woimaima ngati uwu. Ikapindika, mukangosintha kupita ku giya yopepuka derailleur imalowa m'masipoko. Gonekani njinga tcheni ili kumwamba.

Zoboola matayala zili ndi nyengo yake. Kuyambira Seputembala alimi a ku England amameta mipanda ya hawthorn ndi blackthorn ndi thirakitala, minga n'kudzaza msewu. Mukaona zinyenyeswa zatsopano, tsikani munyamule njinga. Kumadera a choko, ku Wiltshire ngakhalenso ku Somme, mvula imakokolera timiyala ta flint takuthwa ngati lumo mumsewu. Mukaphwetsa tayala musangosintha chubu. Yendetsani kansalu mkati mwa tayala mpaka kakole pa mungawo, apo ayi chubu chachiwiri chiphwa musanafike pa chipata chotsatira.

Tcheni11
Apa ndiye tubeless, tayala lopanda chubu, imapambana, a Sipoko. Munga ukalowa madzi othira m'tayala aja amatseka okha.

Sipoko36
Pa minga inde, sindikana. Pa flint yong'amba mamilimita 5 kapena kuposa, madziwo amangopopera miyendo yanu. Mukhale ndi zotsekera zija zolowetsa ndi singano, chubu chimodzi chikhalepobe, ndipo madziwo muwaonjezere miyezi itatu kapena inayi iliyonse chifukwa amauma. Chinanso ndi nsapato. Za mpikisano zokhala ndi chitsulo chotuluka kunsi zimaterera pa masitepe a miyala ndipo zimaboola kapinga wa kumanda. Valani zomwe chitsulo chake chinalowa mkati, kapena mapedulo wamba.

Kamtunda
Ndikuwolotseni nyanja. Ku Ypres ku Flanders, komwe pa zikwangwani palembedwa Ieper, ndi kumene njinga imaphunzitsa zomwe galimoto singathe. Munthu wa pa basi amati dziko lonselo ndi lathyathyathya. Wa pa njinga amamva m'ntchafu kuti kuchoka m'tauni kupita kum'mawa msewu ukukwera pang'onopang'ono osaleka. Mamita makumi angapo okha, koma ndiwo ankafera anthu. Mukafika ku manda a Tyne Cot tembenukani muyang'ane kumene mwachokera: nsanja za Ypres zili poyera, ndipo mumvetsa kuti wokhala pamtunda uwu ankaona chilichonse choyenda m'munsimo. Nkhondo ya Passchendaele inayamba pa 31 Julayi 1917 n'kutha pa 10 Novembala, ndipo malo omwe asilikali a Britain ndi anzawo analanda ndi makilomita pafupifupi 8. Pa njinga ndi theka la ola.

Njira yozungulira ya makilomita 40 ndi kakusefukira: tulukani chakumpoto motsata ngalande kufika ku Essex Farm, komwe kuli zipinda za konkire zothandiziramo ovulala. Kenako Langemark, manda a Ajeremani oposa 44,000, pafupifupi 25,000 mwa iwo m'dzenje limodzi. Mubwere ku Sint-Juliaan pa chipilala cha asilikali a Canada, dera lomwe mpweya wa chlorine unaponyedwa pa 22 Epulo 1915. Mukatero Tyne Cot, manda pafupifupi 12,000, aakulu kuposa ena onse a Commonwealth War Graves Commission. Mtanda waukulu wa pakatipo unamangidwa pamwamba pa pillbox ya Ajeremani, ndipo anasiya kampata koonetsa konkire yake. Kuchoka apo pali njira ya njinga yotsata njanji yakale kupita ku Zonnebeke, kenako Polygon Wood, Hooge, Hill 60, n'kubwerera.

Hill 60 si phiri. Ndi dothi lomwe linafukulidwa pokumba njira ya njanji, ndipo 60 ndi mamita kuchokera pa nyanja. Pa 7 Juni 1917, nthawi ya 3:10 m'bandakucha, mabomba 19 okwiriridwa pansi pa mizere ya Ajeremani anaphulitsidwa kuyambira pamenepo kutsika mtunda wa Messines. Mwa maenje omwe mabombawo anasiya, la Caterpillar lili kutsidya kwa njanji, la Spanbroekmolen lili kummwera ndipo lero ndi dziwe. Mbali ya Messines muipatse tsiku lake, musaiphatikize.

Kusochera n'kovuta chifukwa cha ma knooppunt. Mphambano iliyonse ya njinga ili ndi nambala, ndipo chikwangwani chimaloza ku manambala oyandikana nayo. Lembani manambala anu motsatana pa kapepala, mumate pa handulo. Cholakwika chofala n'chakuti chikwangwani chimodzi chikabisika ndi chimanga kapena galimoto yoima, munthu amangopitirira. Mukayenda makilomita 2 osaona nambala, bwererani.

MayiMapu
Pa manda ndionjezepo kawerengedwe kake, poti ambiri amangojambula n'kumapita. Pa chipata cha manda ambiri a Commission pali kabokosi ka chitseko cha mkuwa, mkati muli kaundula ndi pulani. Nambala ngati XII. C. 7 ikutanthauza gawo 12, mzere C, manda a nambala 7. Fufuzani dzina pa intaneti musananyamuke, chifukwa kusaka munthu mmodzi pakati pa miyala 12,000 popanda nambala n'kutaya tsiku. Mtanda wolinganizidwa ndi Reginald Blomfield umakhala pa manda a anthu oposa 40, mwala waukulu wolinganizidwa ndi Edwin Lutyens pa oposa 1,000.

Yang'anani mizere. Pamene miyala yaima mosalongosoka, motalikirana mosiyanasiyana, amenewo anaikidwa nkhondo ili mkati, pafupi ndi pamene anafera. Mizere yowongoka bwino ndi ya omwe anafukulidwa m'minda nkhondo itatha n'kusonkhanitsidwa. Ku Tyne Cot kagulu kosalongosokako kali kuseri kwa mtanda. Miyala yogundana nthawi zambiri ndi ya anthu oikidwa mu ngalande imodzi. Madeti ofanana ndi baji yofanana pamzere wonse akukuuzani za m'mawa umodzi, ndipo deti limenelo ndilo mukalifufuze pa mapu a ngalande. Njinga isiyeni panja pa khoma, osaiyedzeka pa mwala.

Ndipo manda otere sali ku Flanders kokha. Commission imasamala za anthu 1.7 miliyoni m'malo 23,000, ambiri mwa malowo ali matchalitchi a m'midzi okhala ndi manda amodzi kapena awiri. Imawerengera omwalira mpaka 31 Ogasiti 1921 pa nkhondo yoyamba ndi 31 Disembala 1947 pa yachiwiri, choncho musadabwe kuona 1920 pa mwala wa msilikali.

Namzeze
Nkhani yomwe sitingailumphe: mabomba osaphulika. Ku Flanders ndi ku Somme makasu a thirakitala amawafukula chaka ndi chaka. Alimi amawaika m'mphepete mwa munda kapena m'mabowo a mapolo a konkire a magetsi, kuti asilikali a DOVO ku Belgium, kapena anzawo a ku France, adzatenge. Wa pa njinga amadutsa pafupi nawo kuposa wina aliyense, ndipo amawaona chifukwa akuyenda pang'onopang'ono.

Musakhudze, musagudubuze ndi phazi, musayedzekepo njinga pojambula. Dzimbiri silitanthauza kuti linafa. Mankhwala ena a mkatimo, monga picric acid, akakhalitsa ndi chitsulo amapanga mchere wophulika ndi kugunda pang'ono. Ena muli mpweya wa mustard kapena phosgene, ndipo kunja simungawasiyanitse. Phosphorus imayaka yokha ikauma n'kukumana ndi mpweya, choncho kanthu kooneka ngati mwala kangayake m'thumba. Mukaona lili poti ana angafike, lembani malo, talikirani, imbani 112, kapena 101 ku Belgium, 17 ku France, 999 ku Britain. Kumbukirani kuti mwa mabomba a pansi a ku Messines ena sanaphulitsidwe, ndipo limodzi linaphulika lokha mu 1955 kukuchita ziphaliwali, pafupi ndi Ploegsteert.

Kufukula kapena kusaka zitsulo ndi makina popanda chilolezo n'koletsedwa m'malo amenewa. Ku Britain malo ogwera ndege za nkhondo ndi otetezedwa ndi lamulo la 1986. M'minda imeneyi mudakali mafupa a anthu.

Chipalasa
A Kamtunda, Somme mwaisiya.

Kamtunda
Somme ndi ina, a Chipalasa. Midzi ndi yotalikirana, ndipo zitunda zake ndi zazitali, ndiye dulani mtunda ufike makilomita 30 kapena 35 ndipo mutenge mabotolo awiri a madzi. Yambirani ku Albert koma msewu wa D929 wopita ku Bapaume muupewe: ndi wowongoka ngati chingwe kuyambira nthawi ya Aroma, ndipo malole amathamanga. Dzerani timisewu ta m'mbali kupita ku La Boisselle pa dzenje la Lochnagar, lomwe linaphulitsidwa 7:28 m'mawa pa 1 Julayi 1916. Tsiku limenelo lokha asilikali a Britain 19,240 anafa, ndipo pamodzi ndi ovulala ndi osowa anakwana 57,470. Kwerani ku Thiepval, komwe kuli mayina oposa 72,000 a omwe matupi awo sanadziwike, mutsike chigwa cha Ancre, mukwerenso ku Beaumont-Hamel komwe ngalande zidakalipo. Kutsika ndi kukwera kumeneko ndiko phunziro lenilenilo. Giya yanu yopepuka ikhale yoti mano akutsogolo ndi akumbuyo afanane, monga 34 ndi 34.

Nyengo yabwino yoonera nthaka ndi kumapeto kwa chisanu minda italimidwa, mbewu zisanakule. Choko chomwe chinafukulidwa pokumba ngalande chimaoneka ngati mizere yoyera yokhotakhota pa dothi lofiirira. Mu Okutobala ndi Novembala pamakhala kukolola sugar beet, ndipo mathirakitala amapaka misewu matope a choko oterera ngati sopo. Mabuleki gwirani msanga, lakumbuyo poyamba, musanalowe pokhota.

Malamulo a ku France: yendani kumanja, ndipo pa mphambano yopanda chikwangwani wochokera kumanja kwanu ndiye woyamba, ngakhale akutuluka m'kamsewu kakang'ono. Kunja kwa tauni usiku kapena kukachita chifunga, jekete yonyezimira ndi lamulo. Zomvera za m'makutu pa njinga n'zoletsedwa.

Sipoko36
Matope a choko aja akauma amakhala ngati simenti pa tcheni ndi pa mabuleki. Tsukani tsiku lomwelo. Mabuleki a pa limu amatha m'masiku awiri a mvula m'dera lotere, ndipo mchenga wolowa m'labala umadya limu. Madigadi asiyeni mpata wa chala pamwamba pa tayala, apo ayi matope adzaza tayala n'kuleka kuzungulira. Pa misewu ya miyala yoyala ya ku Flanders, makamaka ku Kemmelberg komwe kutsetsereka kumapitirira 20 peresenti, mangitsani mabawuti a keliyala ndi a botolo musanapite. Kukanyowa tsikani muyende pansi, palibe manyazi.

Namzeze
Mabwalo a ndege a ku East Anglia ndi Lincolnshire sanatchulidwe, pamene ndi osavuta kwa oyamba chifukwa dziko ndi lafulati. Bwalo la Class A linkakhala ndi misewu ya ndege itatu yopingasana ngati chilembo A: waukulu mayadi 2,000, iwiri ya mayadi 1,400, yonse mayadi 50 m'lifupi, ndi msewu wozungulira wa mafiti 50. Waukuluwo kawirikawiri umaloza kummwera chakumadzulo komwe mphepo imachokera. Yambiri inaphwanyidwa n'kusanduka miyala yomangira misewu, ndiye zizindikiro ndi izi: kamsewu ka phula kosanduka konkire mwadzidzidzi n'kukhota mokulungira, makola aatali a nkhuku kapena nkhukundembo oima pamzere umodzi wowongoka chifukwa anamangidwa pa konkire ya msewu wa ndege, ndi dera lalikulu lopanda mipanda pakati pa minda ya mipanda. Mogona asilikali ankamwaza dala m'nkhalango, kilomita imodzi kapena ziwiri kutali, choncho nyumba za malata okhota zija za Nissen muzisake kumeneko, osati pabwalo. Madenga ambiri ndi a asbestos, musathyole kapena kupondapo. Ku Thorpe Abbotts ku Norfolk nsanja yoongolera ndege za 100th Bomb Group ya America inasanduka nyumba yosungiramo zakale. Malo otere amayendetsedwa ndi anthu odzipereka ndipo satsegula tsiku lililonse, fufuzani musanapite.

Mphepo yomwe inkathandiza ndege ija ndi yomwe idzakuvuteni. Pitani moyang'anizana nayo m'mawa mudakali ndi mphamvu, ikukankheni pobwerera.

GogoKonkire
Pojambula, ikani chinthu chodziwika kukula kwake, pampu ya njinga ndiyokwana. Jambulani khomo, zenera lililonse, ndi chomwe zeneralo likuyang'ana, kenako lembani nambala za giridi ndi mbali ya kampasi. Chithunzi cha konkire chopanda zimenezi n'chimodzimodzi ndi zikwi zina. Milu ndi maenje a m'nthaka amaoneka dzuwa likakhala pansi, m'mawa kapena madzulo, masana amafufutika. Mukadutsa m'maudzu aatali, madzulo ake dziyang'aneni nkhupakupa kuseri kwa mawondo ndi m'chiuno, popeza zakumeneko zimafalitsa matenda a Lyme.

Tcheni11
Amene akuthera ku Ypres: malipenga a Last Post pa Menin Gate amalira 8 koloko madzulo tsiku lililonse, mwambo womwe unayamba mu 1928 n'kungodukiza nthawi yomwe Ajeremani analanda tauniyo pa nkhondo yachiwiri. Msewu wa pansi pa chipatacho amautseka nthawi isanakwane ndipo anthu amadzaza, ndiye fikani 7:30, njinga muikhome kutali pang'ono, osalowa nayo m'khamu. Mayina oposa 54,000 a asilikali osadziwika manda awo a pa makomawo muwawerenge masana. Ngati kogona kuli kunja kwa tauni, kuyambira Seputembala mudzabwerera kuli mdima, choncho nyali yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo zikhale zotchajidwa, ndipo musazitchajire pa batire yomwe foni yakhala ikuyamwa tsiku lonse.